Kalaliki Amene Sankawerenga

A Bitoni tinawaika m'manda Loweruka lapitali, dzuwa likuswa mtengo. Olankhula anali ambiri. Woimira mpingo anatchula za ubatizo wawo, ukwati wawo ndi zaka zimene anatumikira ngati mkulu wa mpingo. Woimira aphunzitsi opuma anati anali kalaliki wokhulupirika, amene sanatengepo ngakhale pepala limodzi la sukulu kupita nalo kwawo. Zonsezo n'zoona. Koma ine ndinakhala pamphasa kumbali ya amayi, miyendo itachita dzanzi, ndikudikira kuti wina atchule dzina la Elube. Palibe analitchula. Mwina anachita bwino, chifukwa Elubeyo anali pafupi nane, atafunda chitenje kumutu.

Elube ndi mwana wa mchimwene wanga. Ndinamupempha chilolezo ndisanayambe kulemba izi. Anati, "Lembani, azakhali. Koma musawakometse. Iwowo sankafuna zimenezo."

Ana a masiku ano kuno ku Lisungwi ankawadziwa ngati agogo otopetsa aja owerenga chilichonse. Ukawatuma ndi kalata ya mpingo, ankaima panjira pomwepo, n'kuvala magalasi awo omanga ndi ulusi, n'kuiwerenga yonse milomo ikugwedera. Ikakhala yomata, ankakana kuinyamula. Pepala lokulungira mandasi ankaliwongola pabondo n'kuliwerenga mbali zonse ziwiri, mandasiwo akuzizira. Anakangana ndi abusa atatu pa khalidwe limeneli. Wachitatuyo anali wachinyamata, ndipo tsiku lina analephera kupirira.

"Bambo Bitoni, kodi simundikhulupirira?"

"Inu ndimakukhulupirirani, abusa. Amene sindimukhulupirira ndi wonyamulayu."

"Wonyamula ndinu nomwe."

"Eya, ndi amene ndikunenayo."

Anthu anaseka, abusanso anaseka. Ochepa okha tinkadziwa kuti a Bitoni sankanena nthabwala.

Anali munthu wamtali, wowerama mapewa, wosadziwa kuimba koma woimba mokweza. M'tchalitchi zala zawo sizinkakhala phee. Zinkagogoda pabondo nthawi yonse ya ulaliki, ngati akutayipa mawu a mlaliki, ndipo mlaliki akabwereza mfundo kachitatu zalazo zinkaima n'kudikira. Sankakonda mapemphero ataliatali. Ankati munthu wolankhula kwambiri kwa Mulungu nthawi zambiri amakhala akuopa kumva yankho. Pamenepa ine ndi iwo tinkasiyana, ndipo timasiyanabe ngakhale agona.

Ukalaliki anauphunzira ku Mwanza, nthawi ya chipani chimodzi, Neno asanakhale boma palokha. Mkulu amene anawaphunzitsa ntchito anawauza tsiku loyamba kuti kalaliki wowerenga zimene akutayipa sakhalitsa. Posakhalitsa anaona okha. Mnzawo wa tebulo loyandikana anatchula pamowa nkhani ina imene anaitayipa masana, ndipo m'mawa mwake galimoto inabwera kudzamutenga. Kuyambira pamenepo a Bitoni anaphunzitsa maso awo kunyamula zilembo chimodzichimodzi kukazisiya ku zala, osadutsira mumtima. Ankanyadira luso limeneli. Atasamukira kusukulu yathu ya sekondale yoyendera, ankatha kutayipa mayeso onse a Fomu 2 akucheza nawe za thonje, ndipo ukawafunsa funso limodzi la m'mayesomo sankalidziwa. Aphunzitsi ankawakonda chifukwa cha zomwezo.

Kenako kunabwera matipate. Amene simunaone nthawi imeneyo simungamvetse mmene pakamwa pa anthu panatsegukira. Titakhala zaka zambiri tikunong'ona, aliyense ankafuna kufuula. Nyuzipepala zinkabwera pa basi kuchokera ku Blantyre, zambirimbiri, zina zodzaza ndi mnyozo ndi zithunzi zonyazitsa akuluakulu. Tinkaziwerenga mokondwa, inenso ndinali pomwepo. Sitinaganize kuti ana akutionerera. Ophunzira anapempha kuti nawonso akhale ndi nyuzipepala yawo, ndipo analoledwa. Mphunzitsi wina anaona masamba anayi n'kuvomereza. Tsamba lachisanu anyamata atatu analilowetsa pakati pa enawo pamene ankakapereka kuofesi Lachisanu masana. A Bitoni anatayipa onse asanu pa mapepala opyapyala aja oika m'makina, n'kupukusa makinawo ndi dzanja mpaka zitatuluka makumi asanu ndi atatu.

Tsamba lachisanulo analilemba motsanzira mauthenga a maliro a pawailesi. Linkalengeza kuti Elube wa Fomu 2 wamwalira ndi matenda omwe aja anatenga mayi ake, kuti mwambo wa maliro udzachitika akamaliza kuwonda, ndipo aliyense amene anamwera naye kapu imodzi ayambe kukonzeka.

Elube anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Bambo ake anali atatsogola kale, ndipo mayi ake anamwalira chaka chapitacho atadwala mpaka kutsala mafupa okhaokha, Elube yemweyo akuwasambitsa. Ankakhala kwa ine chifukwa kunali pafupi ndi sukulu. Anali wowonda chibadwire, monga tonse a mtundu wathu.

Lolemba anabwera kunyumba osalira. Lachiwiri anapitanso, n'kupeza atsikana anzake asamuka pabenchi. Lachitatu anapeza nkhata ya maluwa padesiki pake, ndipo atalowa m'kalasi anyamata akumbuyo anayamba nyimbo ya maliro chapansipansi. Lachinayi sanadzuke. Anagona atayang'ana kukhoma, osadya, osasamba. Nditamukakamiza kulankhula anati, "Azakhali, mwina akunena zoona. Mwina ndinafa kale, kungoti sindinauzidwe."

Pepalalo ndinalipeza m'kope lake. Ndinapita nalo kuofesi ya sukulu ndisanamange ngakhale duku. Ndinawapeza a Bitoni akupukuta makina awo ndi kansanza.

"Werengani ili."

"Ine ntchito yanga ndi kutayipa, mayi. Madandaulo amapita kwa a hedi."

"Ndati werengani. Mokweza."

Anavala magalasi mosafuna. Anayamba kuwerenga ndi mawu a muofesi, aja osalowa mumtima. Atafika pa dzina, mawu anatha. Anabwerera pamwamba n'kuyambanso, milomo yokha ikugwedera. Kenako anayang'ana zala zawo, zakuda ndi inki.

"Ili ndatayipa ndine?"

"Kodi alipo wina pano?"

Ndinawauza mawu owawa tsiku limenelo. Ndinati magazi a mwana ameneyu Mulungu adzawafuna pa zala zimenezo. Ndinawakumbutsa zimene Ambuye ananena za munthu wokhumudwitsa wamng'ono, kuti mwala wa mphero ndi nyanja zikanamukhalira bwino. Ena mwa mawu amenewo ndinawalapa. Ena sindinathe.

M'mawa mwake anabwera kwathu, ine n'kuwakaniza kulowa. Anakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa litapendeka, n'kumapita. Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Koma tsiku lotsatira ndinamva kuti a Kalaliki atenga ndandanda wa mayina a ophunzira onse ndi njinga yawo, ndipo akuyenda khomo ndi khomo kupempha tsamba lachisanu.

Anayenda masabata atatu. Akaweruka masana ankakwera njinga, dzuwa la mwezi wa Okutobala lili pamutu, munthu wa zaka zoposa makumi asanu. Ankafika pakhomo, kuvula chipewa, n'kupempha kamwana ka Fomu 1 ngati akupempha bwana. Anthu ankawaseka kuti a Kalaliki akwezedwa paudindo, tsopano ndi otola zinyalala. Mapepala ena anali atapita kuchimbudzi. Ena madala anali atapichirira fodya. A Yusufu a pagolosale anali atatola angapo kuti azikulungira mchere.

"A Bitoni, pepala lomweli mpaka thukuta chonchi? Khalani pansi mumwe madzi."

"Muwerenge kaye, a Yusufu."

A Yusufu anawerenga. Kenako analowa m'kati n'kumasula mchere wonse umene anali atakulunga kale, n'kuuthira m'beseni. Anatumanso mawu kwa onse amene anagula tsiku limenelo kuti abweze mapepala. "Mwana wamasiye satero naye," anatero. "Kwathu ndi kwanu komwe, Mulungu ndi mmodzi pa nkhani imeneyi."

Limodzi analipeza ku Zalewa, kwa kondakitala wina amene ankaliwerengera anthu m'basi kuti aseke. Onse pamodzi anapeza makumi asanu ndi awiri kudza limodzi. Asanu ndi anayi sanapezeke. Mpaka ukalamba wawo ankati asanu ndi anayi aja akuyendabe.

Anabwera nawo kwathu m'thumba la shuga. Ulendo uno ndinawalola. Anagwada pakhomo la chipinda, nkhalamba kugwadira mwana.

"Elube, mwana wanga, awa ndabweza. Asanu ndi anayi ndalephera. Amene anatayipa dzina lako ndine. Sindinawerenge."

Elube sanatembenuke. Ndikanakonda kulemba kuti anatembenuka, koma sanatero.

Mkangano waukulu unabwera pambuyo pake, ndipo pamenepo wolakwa ndinali ine. Ndinaitana abale ndi alongo a mapemphero kuti adzatulutse mzimu woipa mwa mwanayo. Tinapemphera masiku atatu, mofuula, titamuzungulira, manja ali pamutu pake. Elube ankatseka makutu n'kumanjenjemera, ife n'kumati ndi chiwanda chikukana kutuluka. Tsiku lachitatu a Bitoni anaima pakhomo n'kutipempha kuti tisiye. Mkulu wina anapsa mtima.

"Ndiye mukuti pemphero lilibe mphamvu?"

"Lili nayo. Koma Mulungu si wogontha, ndipo mwanayu mutu ukumupweteka."

Anatikumbutsa za mneneri uja amene anathawira kuchipululu, n'kugona pansi pa kamtengo akupempha kuti afe. Anati mngelo atabwera sanamulalikire, sanamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Anamupatsa chakudya ndi madzi, n'kumusiya agone, kenako anamudzutsa n'kumupatsanso chakudya. Mawu a Mulungu anabwera pambuyo, ndiponso anabwera motsitsa. Nkhani imeneyo ndinali nditaiwerenga kambirimbiri. Tsiku limenelo ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anandikwiyitsa kwambiri. Sindinawalankhule masiku anayi.

Pa tsiku lachisanu Elube anadzuka yekha. Anasamba, anasesa chipinda, n'kupatsa mwana wanga wamkazi nsapato zake za kusukulu, yunifolomu ndi buku lake la nyimbo. Nkhope yake inali yabata ngati madzi a m'chitsime. Ine ndinathamangira kwa a Bitoni ndikuyamika Mulungu, ndikufunanso kuti aone kuti mapemphero athu ayankhidwa. Atamva za nsapatozo anaimirira, mpando n'kugwa.

"Wagawa zinthu zake? Ali ndi ndani pano?"

"Ali yekha, akupuma."

"Bwererani msanga, mayi. Musamusiye yekha ngakhale popita kumtsinje."

Mnzawo uja wa ku Mwanza, atatulutsidwa m'ndende, anachita chimodzimodzi. Anagawa malaya ake, anaoneka wamtendere, ndipo patapita masiku awiri anamuika m'manda. Ndinathamanga ngati mtsikana. Ndinamupeza Elube atavala kale kuti atuluke, ndipo nditamufunsa kumene akupita anangolunjika kukhomo. Ndinamugwira dzanja, sindinalisiye mpaka a Bitoni atafika ndi njinga. Tinamutengera kuchipatala tsiku lomwelo.

Achibale ankati tikangomusiya kuchipatala cha odwala misala ku Zomba. A Bitoni anakana, ndipo adokotala amene anamuona anagwirizana nawo. Anamupatsa mankhwala, n'kutiuza kuti matenda a maganizo ndi matenda ngati ena onse, ndipo tizibwera naye mwezi ndi mwezi. Pambuyo pake anamuyeza magazi, n'kupeza kuti alibe kachilombo. Ine ndinafuna kukalengeza m'tchalitchi, kuti onyoza aja achite manyazi. A Bitoni anandiletsa. Anati tikalengeza, ndiye kuti tikuvomereza kuti akanakhala nako pepala lija likanakhala lolondola, ndipo m'tchalitchi momwemo muli ana ena amene ali nako, amene adzamva zimenezo. Ndinameza mawu anga. Anali owawa ngati ndulu, koma ndinameza.

Chimene chinalengezedwa m'tchalitchi ndi china. A Bitoni anaimirira Lamulungu lina n'kunena kuti achimwa, ndipo anapempha kuti aimitsidwe pa Mgonero. Akuluakulu anati tchimo ndi la anyamata aja. Iwo anati anyamata analemba pepala limodzi lokha, amene analichulukitsa ndi iwo. Sanatchule dzina la mnyamata aliyense, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake. Anyamatawo anaimitsidwa sukulu masabata awiri, n'kubwerera, n'kukhoza mayeso. Mmodzi wa iwo anabwera pamaliro Loweruka pa galimoto yake, ndipo anandipatsa moni ndi manja awiri. Sindikudziwa ngati akukumbukira.

Elube anakhala ndi moyo. Sindinganene kuti anachira. Kusukulu sanabwererenso. Anakwatiwa, mwamuna anapirira zaka zingapo n'kuchoka, ndipo lero amagulitsa tomato ku Zalewa. Mdima uja umabwerabe, makamaka nyengo yotentha. Ukabwera amangokhala duu, maso ali patali. Lachinayi lililonse, kwa zaka pafupifupi makumi atatu, a Bitoni ankapita kukamuona. Poyamba pa njinga, kenako pa minibasi, pomaliza atagwira ndodo. Sankalalikira. Ankafunsa ngati wadya ndiponso ngati mankhwala alipo, kenako ankangokhala. Akazi awo, asanamwalire, ankati anakwatiwa ndi munthu wa masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Elube anayamba kuwayankha moni patatha chaka chathunthu. Kuwatchula kuti bambo kunatenga zaka zisanu.

Ndinkaganiza kuti nkhaniyi inathera pamenepo. Ambuye amadziwa chifukwa chake namsongole amameranso m'munda umene unapaliridwa ndi misozi. Ine sindidziwa.

Elube ali ndi mwana mmodzi wamkazi, Mphatso, amene ali Fomu 4. Miyezi ingapo yapitayi mdima uja unamupeza Elube ali pamsika. Anakhala duu kwa maola, chitenje chitatsetsereka, ntchentche zikutera pamilomo, ana akutola tomato wake. Wina anamujambula pafoni. Anaikapo kanyimbo koseketsa ndi mawu akuti awa ndi mayi ake a Mphatso, n'kutumiza pagulu la ophunzira. Foni ya Mphatso inayamba kulira osaleka. Ena ankamufunsa kuti iye misala yake iyamba liti. Ena anatenga chithunzi chake n'kuchiphatikiza ndi cha mayi ake. Elube, m'masiku ake, ankati akatseka chitseko onyoza ankatsala panja. Mphatso ankalowa nawo m'chipinda, ali m'manja mwake. Patatha sabata anasiya kupita kusukulu.

Lachinayi limenelo ndinawaperekeza a Bitoni, chifukwa maso awo anali atayamba kuchita khungu. Mphatso anatuluka chifukwa cha ulemu basi. Anawafotokozera motsitsa.

"Zatuluka zingati?" anafunsa a Bitoni.

"Agogo, sizimawerengeka."

"Ndiye undilembere mayina a amene ali nazo. Ndiyambira kwa woyamba."

"Mukafufutitsa kwa mmodzi, kwa ena zikadalipo. Zafika mpaka ku Joni. Ena sindikuwadziwa n'komwe."

"Nanga makina ake ali kuti?"

"Aliyense ali nawo m'thumba, agogo."

Anagwira ndodo yawo ndi manja onse awiri n'kutsamiritsa chibwano. Ndinawadziwa zaka zonsezi, koma tsiku limenelo ndi limene ndinaona kuti akalamba. Kenako anati, "Ndiye ndizingokhala pano. China ndilibe."

Komabe sanangokhala. Anapita kwa aphunzitsi aakulu a sukulu ya Mphatso. Anaumirira mpaka mtsikanayo atayamba kukaonana ndi aphungu kuchipatala. Lamulungu lina anapempha mpata wolankhula kwa achinyamata a mpingo wathu, n'kuwauza kuti aliyense wotumiza chinthu kwa mnzake asanadzifunse kuti chikupha ndani, ndi kalaliki ngati mmene iwo analili. Mano oikirira ankagwedera. Mnyamata wina anawajambula, ndipo pofika madzulo iwonso anali akuyenda m'mafoni ndi kanyimbo kawo. Nditawauza anafunsa ngati mawu awo akumveka bwino m'menemo. Ndinati akumveka. Anati basi, mwina mmodzi amvetsera asanaseke.

Chifuwa chinawagwira mvula yoyamba itagwa. Anadwala masiku asanu ndi atatu okha.

Dzulo linali Lachinayi, ndipo ndinakwera minibasi kupita ku Zalewa. Palibe anandituma. Ndinapeza Elube atakhala pakhonde, Mphatso ali m'chipinda, chitseko chili chotseka. Mayeso ayandikira ndipo sukulu sanabwererebe. Ndinayala chitenje pansi n'kuyesa kukhala chete, koma ine kukhala chete sindikudziwa. Ndinayamba vesi, ndinayamba nyimbo, zonse zinathera pakati.

Elube anadzuka. Anawiritsa tiyi ndi mbatata n'kulowa nazo m'chipinda. Ndinamva mawu ake pang'ono, kenako zii kwa nthawi yaitali. Atatuluka, mbatata imodzi inali italumidwa theka.

"Wadyako," anatero. Anakhala pansi n'kuyang'ana kumsewu. "Lolemba ndimuperekeza ndekha mpaka pakhomo la kalasi. Akafuna kundijambulanso, andijambule nditaimirira."

"Ukwanitsa?"

"Sindikudziwa, azakhali. Amene ndikanawafunsa kulibe."

Pakona ya khondelo pali mpando wa matabwa, mwendo umodzi wochirikizidwa ndi chidutswa cha njerwa. Pakhoma kumbuyo kwake pali banga lakuda pamene mutu wa a Bitoni unkatsamira, ndipo pansi pali kadzenje kamene nsonga ya ndodo inakumba pang'onopang'ono. Palibe anakhalapo, palibenso anausuntha. Minibasi ya masana inaima pamsewu, anthu anatsika n'kubalalika. Tonse awiri tinayang'anabe mpaka womaliza atadutsa. Dzuwa linafika pampandopo, n'kukwera pakhoma, n'kuchoka.